Mmene a Odilon Analowera Ufumu wa France

Inu, tasendezani mipando, vinyoyo sathawa. Ndikuuzeni mmene dziko lonse la France linapezera mfumu kwathu kuno ku Sarlabec, mudzi woti ngakhale okhometsa msonkho amasochera.

Nthawi imeneyo Akatolika ndi Aprotestanti anali atagwirana pakhosi kwa zaka zambirimbiri. Mfumu inamwalira osasiya mwana wamwamuna, ndipo mwambo wathu mukuudziwa, mpando sudzera kuchikazi. Akatolika akatchula munthu wawo, Aprotestanti malupanga solo! Aprotestanti akatchula wawo, Akatolika onga m'mizinga. Abale a mfumu anatha psiti, ena kunkhondo, ena atamwa supu wokayikitsa. Atafukula mtundu wonse mpaka kumizu, anapeza kuti kwatsala mmodzi: a Odilon, oweta atsekwe.

Koma a Odilon matama, inu! Denga lodontha, nsapato zoyasama, koma pakamwa nthawi zonse: "Ine magazi anga ndi achifumu." Za chipembedzo palibe ankadziwa mbali yawo, chifukwa m'mawa ankapita ku Misa, masana kokaimba Masalimo ndi Aprotestanti, poti konseko kunkakhala kachakudya. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma mkuluyu ankangonenepa.

Mthenga atabwera kudzawaitanira ku Reims kovekedwa ufumu, akazi awo a Guillemette anawakokera kuseri.

"Abambo, kumeneko akakufunsani funso limodzi: mumapemphera kuti? Mukati Misa, awa akudulani mutu. Mukati Masalimo, awo akudulani mutu. Tiyeni tingonena kuti munafa chaka chatha."

"Ine kufa? Mayi, mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Nkhonya ndamva. Nanga nkhwangwa?"

Sanamve. Anakwera kudenga n'kutsitsa zovala zachitsulo za agogo awo, dzimbiri lokhalokha, m'chisoti nkhuku zitaikiramo mpaka kuswa. Mayi aja anati apite nazo kwa wosula zitsulo akazikonze. "Kuwononga chuma!" anatero a Odilon, n'kuzipaka okha mafuta a tsekwe. Bulu wawo anamukana, ati mfumu siyenda pa bulu, ndiye anakabwereka hatchi ya mwini mphero.

Tamverani tsono. Hatchi imeneyo moyo wake wonse inkazungulira mwala wopera, njira yowongoka siinkaidziwa. Akafika pabwalo la mudzi uliwonse, iyo zunguliru, zunguliru, ndipo pambuyo pake agalu a m'chigawo chonse, atamva fungo la mafuta, ali ndondondo kunyambita miyendo yachifumu.

"Mukuona, mayi?" anakuwa a Odilon, mutu uli waa ndi chizungulire. "Ngakhale nyama zandizindikira!"

"Zakuzindikirani ngati ndiwo," anayankha a Guillemette, ali phee pa bulu uja.

Atatsala pang'ono kufika, powoloka mtsinje, hatchi ija inaganiza zozungulira pakati penipeni pa madzi. Mfumu phava! Odutsa m'njira anaivuula ngati mphika womira. Chitseko cha kumaso kwa chisoti chinali chitagwa, n'kupana ndevu zonse za mbali imodzi, ndipo madzi ndi dzimbiri zinachimata ndithu. Ku Reims anthu anali akudikira kale, nthawi yofuna wosula panalibe.

Pakhomo la tchalitchi chachikulu cha Reims munthu sakanaponya phazi. Kumanja kunaima bishopu wokalamba, makutu atatha ndi mabelu. Kumanzere kaputeni Malbert, mkulu wa asilikali a Aprotestanti, naye makutu atatha ndi mizinga. Kumbuyo kwa aliyense, asilikali manja ali pa malupanga. A Guillemette anayamba kale kulingalira za nsalu yakuda.

Bishopu anakweza mawu: "Mwana wanga, tiuze pamaso pa onse. Umapemphera chiyani?"

Koma m'chisotimo a Odilon funso sanalimve n'komwe. Thukuta kamukamu, mpweya kulibe, ndevu zikuzuka imodziimodzi. Anasonkhanitsa mphamvu zonse n'kukuwa: "Masulani! Masulani!"

Inu, munayamba mwakuwirapo mumtsuko? Chimene chinatuluka chinali "Mmmsss-aaa-lnnn!"

"Wati Misa!" anafuula bishopu, misozi ili mbwe.

"Wati Masalimo!" anakuwa kaputeni Malbert, chipewa m'mwamba.

Aliyense anayang'ana mnzake ndi chisoni, poganiza kuti wogontha ndi winayo, ndiye sanafune kumukhumudwitsa pa tsiku lachimwemwe. Mabelu ngiri ngiri, mizinga gu! A Odilon akamakuwanso, khamu lonse limati, "Tamvani kudzipereka kwake!" Mafuta odzozera anawathirira pa kabowo ka chisoti, korona anamukhazika pamwamba pa chisoti.

Mwambo utatha, m'chipinda cha mkati wosula zitsulo anatsekula chisoti chija ndi nyundo. Munatuluka nkhope yofiira psu, ndevu mbali imodzi.

"Anthu opusa!" anatero a Odilon. "Ndikupita pakhonde ndikawauze zimene ndinanena, ndiponso kumene ndimapemphera."

"Pitani, mfumu yanga," anatero a Guillemette. "Koma vulani kaye malaya atsopanowo. Magazi amavuta kuchapa."

A Odilon anasuzumira pawindo. Pansipo Akatolika ndi Aprotestanti anali kuvina atagwirana m'mapewa, akumwera chikho chimodzi, anthu oti dzulo lomweli ankawotcherana nyumba. Koma malupanga anali akadali m'chiuno, onse, osatsalako ndi limodzi lomwe. Mkuluyo anasisita khosi lake pang'onopang'ono ngati akulitsanzika, kenaka anatola chisoti chija n'kuchivala yekha.

"Iwe wosula, bwezera mmene zinalili."

Wosulayo atanyamula nyundo, a Guillemette anamugwira mkono.

"Dikira, mwanawe. Upanirenso ndevu zatsalazo. Mawa akalankhula ku nyumba ya malamulo."