Shuga m'diso la mbira ya apongozi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka ziwiri, ngakhale umboni wake ukuyendabe m'khitchini mwa apongozi anga. Anthu a kuno ku Msanzala amaidziwa mwa zidutswazidutswa, ndipo aliyense amathirako mchere wake. Ndiye bola ndiinene ndekha mmene inachitikira.

Ndiyambe ndi kudzitama, poti n'kumene kunandigwetsa. Ine ndine mlimi wa chimanga ndi thonje, ndili ndi ng'ombe zinayi zapagoli, ndipo m'mudzi muno ng'ombe ikadwala anthu amayambira kwa ine. Sukulu yake sindinapiteko. Ndinangoonera bambo anga, ndipo ng'ombe zingapo zitachira m'manja mwanga (mwina zinali zochira kale, adziwa ndani) mbiri inamveka. Makamaka pa matenda a maso. Ng'ombe ikayera diso ndinkapera shuga, kumuika m'chubu cha bolopeni, n'kuuzira m'disomo kuti fuu. Ena anayamba kundiitana adotolo, ine n'kumavomera osachita manyazi.

Apongozi anga aakazi amakhala nyumba yachitatu kuchokera pa yathu, poti pano ndine mkamwini. Amuna awo atamwalira anawasiyira mbira imodzi yaimuna, yoyera ya mawanga ofiira, dzina lake Kapitao. Malemuwo ankaweta mbira zambiri ndipo zinkathera mumphika monga zimathera mbira zonse, koma iyi anaileka chifukwa cha mkamwa: chakudya chikachedwa inkakalipa mudzi wonse n'kumva. Chimwalirireni amuna awo, apongozi safuna kumva zoti Kapitao ndi ndiwo. Ndiye amene amawalandira akachoka kumunda, ndiye amene amacheza naye akamasenda mtedza. M'nyumba ija mulibenso wina wopuma.

Mwezi wa Ogasiti apongozi anapita ku Ndake, ku Nyimba, kukasamalira mwana wawo wotsiriza amene anali atangobereka. Ine ndi iwo sitiyankhulana maso ndi maso, mwambo wake ndi umenewo, choncho malamulo onse anadzera kwa mkazi wanga: Kapitao azidya kholowa ndi udzu wauwisi wakudimba, m'mawa ndi madzulo, azigona pa chiguduli chake. Popeza wopita kudimba tsiku ndi tsiku ndine, ntchito inagwera ine.

Masiku awiri ndinamvera. Tsiku lachitatu ulesi unandigwira. Panali udzu wouma wotsala pofolera khola la mbuzi, ndiye ndinaukumbatira n'kukauponya m'khitchini muja, mumtima ndikuti mbira ndi mbewa yonenepa chabe, siyenera kutumikiridwa ngati mlendo. Kapitao anakondwa nawo udzuwo. Analowamo chamutu, n'kutulukira uko, n'kulowamonso.

Kutacha, diso lake lamanzere linali lotsinzina ndipo misozi inali itanyowetsa ubweya wa patsaya. Mkazi wanga, amake Misozi, anangoona kamodzi.

"Awisi Misozi, mupeleke kwa adotolo a viweto ku boma lelo lomwe. Amama sazatimvetsa."

"Nipite mpaka ku Petauke chifukwa cha mbila? Ine wamene nichilitsa ng'ombe? Anthu akaniseka."

Ndinasungunula mchere wambiri m'madzi n'kumutsuka nawo, kenako n'kutikita chikope ndi chala kuti ngati muli kachitsotso katuluke. Kapitao analira kulira kumene ndinali ndisanakumvepo, kosongoka, kosiyana ndi kukalipa kwake kwa njala. Ndinauza amake Misozi kuti mankhwala akamawawa ndiye kuti akugwira ntchito. (Mawu amenewa ndawanena kwa anthu ambiri pa moyo wanga. Panopa ndikawakumbukira khungu limandiyabwa.)

Tsiku lachiwiri la matendawa diso linayamba kuyera ngati mwathiridwa mkaka. Apa ndinasangalala, ndikuulula, chifukwa anali matenda anga enieni. Ndinapera shuga, kutenga chubu changa chija, kumupanikiza Kapitao pakati pa mawondo, n'kuuzira. Muganize mpweya umene ndimauzira ng'ombe yapagoli, wonsewo m'kadiso kochepa ngati njere ya nandolo. Anandikodzera pa thalauza, ine n'kuseka.

Tsiku lachitatu diso linatupa. Munthu wanzeru akanaimira pamenepo, koma paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Ndinati vuto ndi shuga wochepa, ndipo ndinabwereza m'mawa ndi masana. Amake Misozi anasiya kundiyankhula. Ankangondiikira chakudya n'kuchoka.

Tsiku lachinayi ndinachita chimene chimandivuta kulemba. Ndinali ndi kachitini ka mankhwala opopera pa zilonda za ng'ombe, aja amasiya utoto wabuluu. Ndinaona ntchentche zikuzungulira Kapitao, ndipo ndinaganiza kuti diso lotupa ndi chilonda basi. Ndinapopera. Theka la nkhope yake linasanduka buluu. Ulendo uno sanalire n'komwe. Anakalowa kuseri kwa mtsuko, kuyang'ana kukhoma, ndipo kholowa amene ndinathamangira kudimba kukamuthyolera (inde, tsopano miyendo inali itapezeka) anafota osakhudzidwa.

M'mawa wa tsiku lachisanu foni ya amake Misozi inalira. Anali apongozi. Atafunsa za adzukulu ndi za mbuzi, anapempha kuti foni iikidwe pafupi ndi Kapitao, wina agwedeze masamba, amumve akukalipa. Anati amusowa. Ine ndinagwedeza masamba aja mpaka anathothoka. M'khitchini munali zii. Kumbali inayo apongozi anadikira, kenako ndinawamva akumuitana dzina kawiri, motsitsa, ngati akudzutsa mwana. Mkazi wanga anati wagona, n'kudula foni, misozi ili mbwembwembwe. Mantha amene anandigwira pamenepo sanali oopa kukalipiridwa ayi. Ndinaona kuti ndikupha chinthu chokhacho chimene mayi uja anatsala nacho cha mwamuna wake.

Ndinaboola katoni, kuikamo Kapitao, n'kukwera njinga yamoto ya hayala mpaka ku boma. Adotolo a ziweto ndinawapeza pa kasitolo ka mankhwala a ziweto, mayi wachitsikana wa msinkhu wa mlongo wanga wamng'ono. Pabenchi panja panali azibambo asanu odikira, onse nkhani zawo za ng'ombe, ndipo mwatsoka langa mmodzi anali aDaka a mudzi woyandikana ndi wathu, amene ng'ombe yawo ndinaiuzira shuga chaka china m'mbuyomo. Anandipatsa ulemu wonse, n'kufunsa chimene chinali m'katoni. Ndinati anapiye.

Bodzalo silinakhalitse. Nthawi yanga itakwana adotolo anatsegula katoni pakhonde pomwepo, poti m'kati munali mdima, n'kutulutsa mbira ya nkhope yabuluu anthu onse akuona. Benchi lonse linafa nako kuseka. Mmodzi anati ndikanabwera ndi tomato ndi anyezi ntchito ikanachepa. Koma adotolo atamutembenuza Kapitao n'kuonetsa diso lija, kuseka kunatha kokha.

Anandifunsa zimene ndinaikamo. Ndinayamba ndi mchere, ndikuyembekeza kuti zithera pomwepo. Anati, china? Ndinatchula shuga. China? Shuga kachiwiri ndi kachitatu. Utoto sanafunse, unkadzinenera wokha. Anadontheza mankhwala oletsa ululu, kudikira pang'ono, kukweza chikope ndi kachitsulo kopanira, n'kusolola kansonga ka udzu wouma kotalika ngati chikhadabo. Anakaika padzanja langa. Kanali m'menemo masiku asanu onsewo, ndipo nthawi iliyonse imene ndinkatikita ndinali kukakanda nako diso.

"Bambo, mukanabwela tsiku loyamba, iyi inali nchito ing'ono maningi. Manje diso lafa. Tilimbane chabe na moyo wake."

Sanandikalipire, ndipo mwina n'chifukwa chake zonse zimene ananena ndikuzikumbukira. Anati mbira imakonda kulowa chamutu mu udzu, choncho kulasidwa m'diso si zachilendo. Ikangoyamba kutsinzina, kutuluka misozi kapena diso kuyera, ipite kwa dotolo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, chifukwa diso lake limawonongeka msanga. Panyumba chololedwa ndi madzi owiritsa ozizira okha, osatikita. Anatinso mbira ikatha tsiku osadya ndiye kuti imfa ili pakhomo, poti m'mimba mwake simufuna kukhala chabe. Pomaliza, akutsuka m'manja, anawonjeza kuti shugayo ngakhale kwa ng'ombe si mankhwala. "Nazo zimamva kuwawa, kungoti sizikamba."

Paja pa benchi lonselo aDaka okha ndiwo sanaseke nawo. Anangondiyang'ana. Ng'ombe yawo ija, imene ndinkaiwerengera pa zochira, imakoka pulawo mokhotetsa mutu mpaka lero chifukwa mbali imodzi siona. Tonse tinkati anali matenda amphamvu.

Ndinabwerera ndi mafuta opaka m'diso, mankhwala a ululu ndi jakisoni wopanda singano womwetsera. Kwa masabata awiri, bambo wa ana anayi, ndinkakhala pansi m'khitchini mwa apongozi kusinja masamba, kuwasungunula ndi madzi, n'kumamudonthezera Kapitao m'kamwa pang'onopang'ono. Tsiku lachitatu anatafuna yekha tsamba la kholowa ndipo ndinatuluka panja kukapuma. Moyo unatsala. Diso linaphwa n'kulowa m'kati, chikope n'kutsekeka. Utoto unatenga mwezi kuti uchoke, moti apongozi pobwera anaupeza.

Tsiku limenelo ndinafuna kuthawira kudimba koma amake Misozi anandiletsa. Ndinakhala pambali pa nkhokwe, cham'mbali monga mwa ulemu, apongozi ali pamphasa. Anamuika Kapitao pamiyendo, kumutembenuza, kuyang'ana mbali yakufayo nthawi yaitali. Mkazi wanga anafotokoza zonse, osachotsa osawonjeza. Ine ndinali pamtunda woti ndikumva ngakhale kupuma kwawo, koma funso linadzera kwa mwana wawo.

"Uwafunse apongozi, analila masiku angati?"

"Akuti masiku angati," anatero mkazi wanga.

"Asanu," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. Kunena zoona analira atatu. Awiri otsalawo analibe mphamvu.

Apongozi anasisita Kapitao pamutu ndi chala chimodzi. "Uwauze zikomo pomupeleka."

Ndikanakonda akanandithamangitsira kwathu kapena kundinyoza pagulu. Zikomo ameneyo ndikumusenzabe.

Chubu chija ndinachitaya m'chimbudzi, ndipo wobwera ndi ng'ombe yodwala diso ndimamulozera njira ya ku boma. Koma kuti ndinasinthiratu sindinganame. Wina akafuula kuti adotolo, khosi limatembenuka lokha ndisanaliletse.

Mwezi wa Disembala apongozi anapitanso ku Ndake kukaona mdzukulu. Anatuma mkazi wanga kudzandipatsa makiyi a nyumba, n'kuti ndiyang'anire nkhokwe, mbuzi ndi matumba a fetereza amene anali kuchipinda. Chuma chawo chonse anachisiya m'manja mwanga popanda kukayika. Kapitao yekha sanamutchule. Kenako ndinawaona akutsika njira ya kumsewu mvula ikuwaza, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, chikwama kumsana, m'manja atanyamula kadengu kokutidwa ndi chitenje, masamba a kholowa akusuzumira m'mbali.