Tonde wanga ku chipatala

Mukamva kwathu ku Mayani akunditchula "agogo a mbuzi", musayese kuti ndili ndi khola lalikulu. Ndi dzina lachipongwe limenelo, ndipo ndinakalitola ndekha ndi miyendo yangayi.

Inali nthawi ya makhadi a chipani. Mwana wanga Agata anabwera kuchokera ku tauni atatha ngati phesi la chimanga. Kutsegula m'mimba, chifuwa, zilonda m'kamwa. Tinamugoneka m'chipatala, anamutenga magazi, kenaka zii. Matenda amenewo palibe ankawatchula dzina, anthu ankangoyang'ana pansi.

Ine pakamwa panga sipatsekeka (funsani malemu amuna anga). Ndinamugwira malaya bambo woyeza magazi pakhonde penipeni.

"Achimwene, mwana wanga akudwala chiyani? Tchulani dzina, mankhwala apezeke!"

Iye, timawu tofewa ngati wansembe pokulapitsa: "Mayi, tayeza koyamba, koma tiyenera kutsimikiza. Magazi amawathira pa kapepala kowonda. Zimene tikufunazo zimamata pamenepo, koma sizioneka ndi maso. Pamafunika mankhwala achiwiri ogwira zoyambazo, mizere ituluke. Amenewo atha, akudikira ochokera kunja."

"Amapanga ndi chiyani?"

"Magazi a mbuzi, mayi."

Mbuzi! Mwana wanga azitha chifukwa cha mbuzi, ine ndili ndi tonde kuseri kwa nyumba wongodya kabichi wa eni ake? Sindinafunsenso. Ndinauyatsa wa kumudzi.

M'mawa mwake, chisanu chikuluma zala, ndinamumanga chingwe tondeyo. Pa siteji ya basi anyamata a chipani ofunsa makhadi ndi awa.

"Khadi, mayi!"

Ndinaonetsa.

"Nanga bambo andevuwa?"

"Awa akukagwira ntchito ya boma, musawachedwetse!"

Anaseka natisiya. Kondakitala anamuponya tondeyo pamwamba pa basi, pa matumba a mbatata. Ulendo wonse: mee! mee! Kenaka timadzi tinayamba kutsika pa windo, bambo wina wa jekete n'kumati mvula yayamba msanga chaka chino. Ine chete (koyamba m'moyo wanga).

Mlonda wa pageti la chipatala anakana kuti mbuzi ilowe. Ndinati adokotala ndiwo ayiitana. Pofika pa simenti yoterera ya m'chipatalamo tonde anayala miyendo, anathira manyi ponseponse, chingwe phuluu m'manja mwanga. Molunjika mu wodi ya amayi! Namwino: "Mayooo! Mwini wake wa chinthuchi ndani?" Odwala amene ankati sangadzuke anakwera pamabedi. Tonde anagwetsa mabeseni, anatafuna bandeji ya munthu, fungo lake linaposa la mankhwala.

Woyeza magazi uja anabwera akuthamanga. Ine monyadira: "Nayi mbuzi, achimwene. Kamani magaziwo."

Anagwira mutu. "Mayi, si mbuzi iliyonse. Ija amayamba aibaya jakisoni wa zinthu za m'magazi a munthu, ikhale miyezi, kenaka magazi ake amawasefa ndi makina amene kuno kulibe."

"Ibayeni! Ndidikira!"

Anandikokera pambali, mawu pansipansi. "Mizere ituluke, isatuluke, mayi. Ngati ali matenda amene ndikuganizawa, mankhwala ake kulibe. Ngakhale kunjako."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa manyi a mbuzi yanga yomwe.

Agata anaona zonse ali pabedi. Ankaseka mpaka chifuwa kumutsamwa, nthiti zikuwerengeka. "Amayi inu, manyazi amenewa ndikafika nawo kumanda. Tiyeni kwathu, ndatopa."

Tinabwerera atatu pa lole ya matabwa, iye mutu pamiyendo panga, tonde akumunyambita phazi. Mankhwala achiwiri aja anafika Agata titamuika kale m'manda. Achipatala anatumiza uthenga kuti ndikamve zotsatira. Sindinapite. Ndikamve kuti nditani nazo?

Apongozi anga amati ndinaphunzirapo kufunsa kaye ndisanathamange. Bodza. Akanati pakufunika ng'ombe, ine ndilibe, koma ya aneba ikanakwera basi imene ija.