Ndiwo za Mphindi Zitatu za Ba Whiteson

Pa Rufunsa ponse panalibe munthu wodana ndi ndiwo zakupsa ngati malemu ba Whiteson Kalekeni. Iwo ankati masamba akakhala pamoto kupitirira mphindi zitatu si kuphikanso koma kupha, ndipo wakuphayo ayenera kukaulula kwa ansembe. Ankalalikira zimenezi pamsika, m'minibasi, ngakhale pamsonkhano wa feteleza, uku akazi awo, ba Estina, akufuna pansi patatseguka.

Matendawa anakawatenga kumsasa wa kampani ina ya anthu a ku China yomwe inkakonza milatho. Anapita ngati wosenza simenti, koma msana utakana anawaika kukhitchini, m'manja mwa nkhalamba ina yophika dzina lake Liu. Patatha zaka zinayi, amuna a anzawo a ba Estina anabwerera ndi malata, wina njinga yamoto. Ba Whiteson anabwera ndi chimpeni chachitambalala, botolo la sosi wakuda wa soya, ndi timitengo tiwiri todyera, tomwe ankatisomeka m'thumba la shati, pamene anthu aulemu amaikapo bolopeni.

M'mawa mwake anatola disiki yakale ya thirakitala yomwe ba Estina ankamwetseramo nkhuku, n'kupita nayo kwa wowotcherera zitsulo. Inabwerako itasanduka chiwaya cha zogwirira ziwiri.

"Amake Edness, khalani pansi," anatero. "Lero mudya ngati munthu woyenda."

Anakoleza mbaula mpaka makala kuyera. Anathira mafuta, adyo, jinja, kenako repu, ndipo lawi linalumpha n'kunyambita udzu wa denga la khitchini. Ba Estina asanamalize kukuwa kuti moto, mbale inali kale patsogolo pawo. Repu uja anali wobiriwira ngati akadali m'dimba, ndipo ankalira m'mano.

"Atate a Edness, mwandiona nyanga?"

"Nyanga zanji?"

"Ndikufunsa ngati ndine mbuzi! Zaka makumi awiri ndakuphikirani, simunatsegulepo m'mimba. Lero mundipatse msipu?"

"Vuto lanu mumaphika masamba mpaka aiwale dzina lawo," anayankha ba Whiteson, akutola mpunga ndi timitengo tawo, njere zitatu ulendo umodzi.

Zikanathera m'nyumba bwenzi zili bwino. Koma bamboyo anasamutsira chiwaya chake pansi pa mtengo wa mango kutsogolo kwa nyumba, pafupi ndi msewu waukulu, n'kuyamba kudyetsa anthu nkhomaliro. Aphunzitsi ankathamangira pamenepo belu likalira. Anamwino a pakiliniki ankadya choimirira. Ba Bornwell, kondakitala wa minibasi ya ku Lusaka, ankakuwa ali pawindo kuti, "Mdala, mbale ziwiri za manudozi, tili ndi mphindi zisanu!" ndipo pamene okwera ankamaliza kugula nthochi, iwo anali akupukuta kale pakamwa. Mpunga wadzulo, dzira limodzi, kabichi theka ndi kapenta wa m'dzanja, ba Whiteson ankazisandutsa chakudya munthu asanamalize kupereka moni. Chokhacho, wodyayo ankayenera kumvetsera ulaliki wonse wonena za machimo othira soda m'chibwabwa, masamba a maungu aja.

Chimene chinkawadya ba Estina ndi pakamwa pa anthu. Iwo ndiwo anali mkulu wa amayi ophika kutchalitchi. Ukwati uliwonse wa m'dera limenelo, poto woyamba ankamulawa ndi iwo. Tsopano pachitsime anzawo ankafunsa mokoma, "Kodi manja akuwawa, amake Edness? Tikuona bambo ndiwo agwira mthiko." Ankabwerera kunyumba ndowa ikugwedezeka pamutu ndi ukali.

"Mwandivula pagulu!" ankatero. "Mwamuna wa ndevu zoyera kumavina ndi chiwaya pamsewu, anthu aziti mkazi wake anafa?"

"Auzeni abwere adzalawe."

"Akubwera kumene! Ndicho chikundinyansa!"

Mlandu waukulu unagwa tsiku lomwe a kwawo kwa Festus, mnyamata wa ku Chinyunyu, anabwera kudzamanga za ukwati wa mwana wawo Edness. Ba Estina anapha tambala wonenepa, anamusosola bwinobwino, n'kumuvundikira m'beseni. Anangotuluka pang'ono kukabwereka mipando kwa aneba. Pobwerako anamva kuti go! go! go! kuseri kwa nyumba, ndipo mtima unawauza kale. Tambala yense anali atasanduka tizidutswa ngati zala za mwana, akusambira mu sosi wakuda ndi tsabola.

Panalibe nthawi, alendo anali atakhala kale. Amalume a Festus, munthu wamwambo wosaseka, anavundukula mbale n'kuyamba kufufuza ndi supuni. Anasaka ntchafu, osaipeza. Anasaka nthutumba, yomwe mlendo wolemekezeka amayenera kuiona ndi maso, osaipeza.

"Pepani apongozi," anatero pang'onopang'ono, "nkhuku iyi munachita kupha, kapena inagundidwa ndi lole?"

"Zonse zilimo, bambo," anatero ba Whiteson monyadira. "Nthutumba ndaigawa pasanu ndi patatu kuti aliyense alaweko."

Amalume aja anaika supuni pansi n'kufunsa chipewa chawo. Anati banja lobisa ziwalo za nkhuku likhoza kubisanso zina. Edness anathawira kuchipinda akulira. Ba Estina anagwada pakhomo, anaomba m'manja mpaka zikhato kufiira, napempha ola limodzi lokha. Anagwira thadzi lawo loikira mazira, lomwe ankalikonda ngati mwana, n'kuliphika mwamwambo, chiwalo chilichonse pamalo pake. Ukwati unapulumuka. Koma pochotsa mbale anapeza kuti ya nkhuku yogundidwa ndi lole ija ili mbee, ngati yatsukidwa, ndipo amalume aja milomo ili noninoni.

Milungu iwiri ba Estina sanawalankhule amuna awo. Zofunika kunena ankauza galu. "Uwauze abwana ako kuti madzi osamba ali kubafa." Ba Whiteson nawo ankayankhira momwemo: "Uwauze kuti amalume aja atumiza uthenga, akufunsa dzina la sosi."

Chaka chomwe ba Estina anagonekedwa kuchipatala ku Mpanshya, chibayo chitawagwira, chakudya chilichonse chinkawabwerera. Anaonda mpaka mphete kuvuka yokha. Ba Whiteson anatseka malo awo a pamsewu, osauza munthu. Tsiku lililonse ankakwera minibasi ya m'mawa atakumbatira poto wokulungidwa m'thaulo. Munali phala la mpunga lamadzimadzi, lophikidwa mu msuzi wa nkhuku ndi jinja.

"Ichi n'chiyani? Mpunga wamira?" anafunsa wodwalayo ndi mawu otsalira.

"Kamwani."

"Mwaphika mphindi zingati?"

Ba Whiteson anayang'ana kuwindo. "Maola atatu."

"Maola atatu! Inu? Ndiye mukaulule kwa ansembe."

Anameza supuni imodzi, kenako ina. Anati mchere wachepa. Mawa lake anati jinja wachuluka. Kwa masiku khumi ndi awiri anapeza cholakwika tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku ndi tsiku poto ankabwerera wopanda kanthu. Atatuluka anauza amayi a kutchalitchi kuti anachira ndi majekeseni.

Ba Whiteson anapita masana, dzuwa lili paliwombo, Lachinayi lina la mwezi wa Okutobala. Anali pakati pokangana ndi ba Bornwell, amene anapempha kuti kabichi wawo apse pang'ono chifukwa dzino linkawawawa. "Dzino likazulidwe, kabichi alibe mlandu," anatero, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, n'kutsamira mtengo wa mango. Pamene ankafika nawo pakiliniki anali atatsogola kale.

Pamaliro panadza anthu oti ba Estina sanawaonepo: madalaivala a malole, aphunzitsi omwe anasamutsidwa kalekale, ndi amalume a ku Chinyunyu aja, amene analira kuposa abale. Amayi anateleka kabichi m'migolo kuyambira m'mawa. Dzuwa litakwera, fungo lake linalowa m'nyumba momwe namfedwa anakhala pamphasa atazingidwa ndi anzake. Ba Estina ananunkhiza kamodzi, kawiri. Anadzuka, chinthu chomwe namfedwa sachita, n'kutuluka chitenje chili m'manja.

"Ndani wateleka izi? Kuyambira nthawi yanji?"

"Mwambo wake ndi womwewu, amake Edness. Si inu munatiphunzitsa?"

"Pamaliro a wina aliyense, osati awa! Munthu sanalowe n'komwe m'manda, mwayamba kale kumunyoza? Phulani!"

Anawagwira n'kuwabwezera m'nyumba, ndipo m'menemo ndi momwe analira koyamba.

Masiku ano nkhomaliro pa Rufunsa ndi yachete. Aphunzitsi amagula zitumbuwa n'kumadya akuyenda. Minibasi ya ba Bornwell imachepetsa liwiro pamtengo wa mango paja mwachizolowezi, kenako n'kupitirira. Palibenso wokalipira anthu chifukwa cha zomwe zili m'mbale zawo, ndipo anthu azindikira kuti kudya osakalipiridwa sikukhutitsa kwenikweni.

Ba Estina ukali sunawathere, wangosowa pofikira. Mvula yoyamba itagwa, kuseri kwa bafa kunamera chomera chachilendo, n'kuyanga mpanda wonse. Chinabala zipatso zonga nkhaka koma zamatuzamatuza, zowawa ngati ndulu. Palibe pa Rufunsa amene akudziwa dzina lake. Ayesa kuziwiritsa, ayesa kuzisinjirira nsinjiro, zikuwawabe. Edness anati angochizula, ndipo anatsala pang'ono kulandira mthiko wa pamsana.

M'mawa uliwonse aneba amawamva kuseriko, akuthira madzi ndi chitini uku akukalipa.

"Munthu wanji wobzala chinthu n'kuchoka osanena kaphikidwe kake? Ine ndizifunsa ndani tsopano?"