Mbale Zitatu za Bakha ku Carsignac

Ine Anselme Bourdelat sindinasiyepo munthu m'mbuyo. Funsani aliyense. Ndinayamba ndi basi imodzi ya chitseko chomanga ndi waya, lero ndili ndi mabasi oti nditawaimika mondondozana msewu wa m'tauni mwathu utsekeka. Ndawolotsa anthu mapiri a ku Switzerland, ndawafikitsa ku Lisbon, ndinadwalapo m'mimba ku Istanbul chiwongolero chili m'manja, koma munthu amene wakwera basi yanga amabwerera pa basi yanga. Ngakhale akhale mbava.

Mbava zake zinali zitatu, ndipo mapulani awo anabadwira m'kabala ka kuseri kwa msika, madzulo ena dzuwa likadalipo. Ndikudziwa zonse chifukwa mmodzi wa iwo, Ghislain, amene anzake ankamuti Kachala, lero amanditsukira mabasi ndipo pakamwa pake sipatseka. Mtsogoleri anali Firmin, koma ankakakamira zoti azimutchula Jenerale, chonsecho ku usilikali anangosendako mbatata. Wachitatu anali Aimé, Chimphona, munthu woti akakhala pansi mpando umalira.

Jenerale anajambula zonse pa tebulo ndi chala chonyowa vinyo. Ku linga lakale la Carsignac, m'chipinda chachitali cha pamwamba, munapachikidwa chinsalu choluka cha makolo akalekale, cha alenje ndi agwape. Munthu wina ku Marseille anali atalonjeza ndalama zoti atatuwo asadzagwirenso ntchito, ngati kuti ankagwira kale. Vuto linali loti pamwambapo amangolola magulu obwera pa basi. Choncho iwo akwera basi ngati alendo. Ikakwana 12 koloko linga limatsekedwa, aliyense kupita kokadya. Iwo atsalira mkati, atsitsa chinsalucho, atulukira khomo la kumunda, komwe adzakhale atabisa galimoto yogulitsira buledi ya mlamu wake wa Chimphona.

Kachala anafunsa kuti nanga anthu akayamba kuwafunafuna.

“Aise, iwe unabadwira dziko liti?” anatero Jenerale. “Mfalansa akakhala pa tebulo masana, ngakhale denga liyake, amayamba wamaliza tchizi. Tidzakhala tokha ngati eni nyumba. Dilu yophweka iyi.”

Mawu amenewa anawamwera botolo lina. Kenako anasankha basi yanga, chifukwa tikiti yanga inkaphatikiza bakha wootcha wa masana, ndipo Chimphona anakana kukwera ina iliyonse, ngakhale anamufotokozera mobwereza kuti bakhayo sadzamulawa.

Tsikulo ndinayendetsa ndekha. Ndinanyamula kwaya ya amayi a ku tchalitchi cha m'tauni mwathu, amayi makumi atatu ndi mmodzi, ambiri amasiye, motsogozedwa ndi mayi Léontine, amene ndodo yawo yoyendera imadziwika ndi mwana aliyense wa m'misewu yathu. Pamwamba pa iwo panakwera madoda atatuwa. Jenerale anali atamanga kampango m'khosi, nandiuza kuti iwo ndi okonda miyala yakale. Ndinawawerenga pamodzi ndi ena onse, monga ndimachitira.

Ku Carsignac tinalandiridwa ndi mwini wake, mayi de Carsignac, owonda ngati kandulo, amene amagulitsa okha matikiti kuti apeze yokonzera denga. Pansi pa chipinda cha pamwamba ndi matabwa opakidwa phula mpaka kumaonerapo nkhope, ndipo m'mawa womwewo anali atapakanso. Pakhomo pali dengu la masilipasi a bulangete, ovala pamwamba pa nsapato. Amayi a kwaya anakulira m'nyumba za matabwa otere, moti anangovala n'kumatsetsereka mwaulemu, manja kumbuyo. Madoda atatu aja ankayenda ngati ana a ng'ombe obadwa kumene.

Gulu likutuluka, iwo analowa m'chiphanga chowothera moto, chachikulu choti n'kuwotcheramo ng'ombe yathunthu. Belu linalira. Mayi de Carsignac anakhoma chitseko.

Chakudya chimadyedwera m'khola lakale la akavalo, lomwe analisandutsa malo odyera. Bakha anabwera, mbatata zokazinga m'mafuta ake, fungo loti munthu n'kulira nalo. Ine ndili ndi lamulo langa: sitidya ndisanawerenge. Ndinawerenga. Mbale zitatu zinali pa tebulo zikufuka nthunzi, mipando yake ilibe anthu. Ndinawerenganso. Ndinaimirira n'kulengeza kuti palibe agwire foloko mpaka anthu anga atatu atapezeka.

Wophika anandiyang'ana ngati ndatukwana amayi ake.

“A Anselme,” anatero mayi Léontine, “bakha akazizira mafuta amagwirana.”

“Ndikudziwa, amayi. Koma ndabwera ndi anthu makumi atatu ndi anayi.”

Mayi Léontine anaika chopukutira pakamwa pa tebulo, natenga ndodo yawo. Amayi onse anadzuka nthawi imodzi. Ndayenda maiko ambiri, ndaonapo asilikali a m'malire atakwiya, koma sindinaonepo nkhope ngati za amayi amenewa atadzutsidwa pa bakha.

Nthawi imeneyo pamwamba paja ntchito inali mkati. Chinsalu chinatsika ndi fumbi la mafumu onse amene anakhalako, ndipo chinalemera ngati kavalo wakufa. Kachala anapempha kuti avule masilipasi, chifukwa anali atagwa kale chagada. Jenerale anakana. Anati apolisi amawerenga mapazi a nsapato ngati nyuzipepala, pomwe bulangete silisiya chizindikiro. Anati mbava za masiku ano zimagwidwa chifukwa sizidziwa sayansi. Anachikulunga chinsalu chija, n'kuchisenza pa mapewa: Jenerale kutsogolo, Kachala pakati mapazi akungokhudza pansi, Chimphona kumbuyo akununkhiza mphepo yochokera ku khola.

Apo mpamene kiyi anatembenuka. Muyenera kudziwa kuti amayiwo, ndi mkwiyo wawo wonse, anaima kaye pa dengu n'kuvala masilipasi mmodzimmodzi. Kenako analowa. Sanathamange. Anatsetsereka onse pamodzi, mzere wathunthu, osamveka phazi, mayi Léontine patsogolo ndodo ili m'mwamba.

“Thawani!” anakuwa Jenerale.

Miyendo isanu ndi umodzi inathamanga, koma anthu ake anali pomwepo. Kenako Chimphona anakankha ndi mphamvu zake zonse, ndipo katundu yense ananyamuka, chinsalu ndi eni ake, kutsetsereka chipinda chonsecho kulunjika khomo la kumapeto. Ali m'njira mpukutuwo unayamba kutembenuka pang'onopang'ono mpaka unakhala chopingasa. Khomo la linga ndi lopapatiza, analimanga kuti adani asamalowe awiriawiri. Mpukutu unagunda mafelemu onse awiri n'kuima. Anthu ake anagwa chagada motsatizana, chinsalu n'kufunyululuka, kuwakwirira, kungotsala masilipasi akupalasa panja.

Ine ndinafika pomaliza, ndikugwira khoma, chifukwa luso langa ndi la pa msewu. Ndinakweza m'mphepete mwa chinsalu, n'kuwerenga mitu. Itatu. Mtima wanga unakhala m'malo.

Jenerale, kampango katamupotokera ku khutu, anafotokozera mayi de Carsignac kuti anaona chinsalucho chili ndi fumbi, ndiye amati akachikunthe panja, mongothandiza. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku masilipasi, namuuza kuti chinsalucho sichinatsikepo ngakhale nthawi ya nkhondo. Mayi Léontine zakubazo analibe nazo ntchito. Ankamugogoda pa bondo ndi ndodo, kumufunsa kuti amayi ake ndani, ndipo anamulera bwanji munthu wochedwetsa anzake kudya.

Kuchokera pansi pa agwape olukidwa aja munamveka mawu a Chimphona. “Pepani amayi, bakha uja akadalipo?”

Mayi de Carsignac anaimbira apolisi a m'mudzimo. Anayankha kuti ali pa tebulo, afika ikakwana 2 koloko. Pa mfundo imeneyi Jenerale sananame. Tinawatsekera atatuwo m'chipinda chosungiramo zishalo, moyandikana ndi podyera, n'kubwerera ku bakha wathu. Anali atazizira. Monga chipepeso, amayi anagawana mbale zitatu zija, ndipo nthawi yonseyi kuseri kwa khoma kunkamveka Chimphona akuusa moyo.

Apolisi awiri anafika pa kagalimoto koti Chimphona kulowamo, mmodzi wa iwo akanayenda wapansi. Anayamba kukambirana zotenga awiri, wina adzamutenge mawa. Apo ndinalowererapo. Ndinawauza kuti anthuwa anabwera ndi Bourdelat, achoka ndi Bourdelat, ndipo polisi ya m'tauni ili pa njira yanga. Wamkulu wa apolisiwo anayang'ana kagalimoto kake, anayang'ana Chimphona, n'kukwera basi.

Ndinawakhazika pa mipando yawo yomwe ija, maunyolo m'manja. Ndinaima pakhomo n'kuwerenga mokweza mawu: makumi atatu ndi anayi, kuwonjezerapo wapolisi waulere. Amayi anaimba nyimbo za kulapa njira yonse, akutembenukira kumbuyo pa ndime zowawa. Galimoto ya buledi tinaidutsa ili m'tchire, mlamu wa Chimphona uja atatsamira pa chitseko akusuta, akuyang'ana wotchi. Kachala anamubayibitsa ndi manja onse awiri, popeza anali omangidwa pamodzi.

Koma kunyumba china chake chinkandiluma. Tikiti yanga imati ulendo ndi chakudya, ndipo anthu atatu analipira bakha amene sanamudye. Kampani yanga siinadyepo ndalama ya munthu. Mlandu utatha ndinavala jekete langa labwino, n'kupita kundende tsiku loona akaidi. Jenerale ankaganiza kuti ndabwera kudzamuseka.

“Bwana Bourdelat, simunakhute?” anandifunsa.

“Ndabwera ndi zanu, Jenerale. Tambasulani dzanja.”

Ndinawabwezera mayuro khumi ndi asanu ndi awiri aliyense, onse pamodzi makumi asanu ndi imodzi, mlonda akuchitira umboni. Ya tchizi sindinabweze, chifukwa Chimphona anadya wa onse atatu m'basi, maunyolo ali m'manja.