Zikhomo Zinayi ndi Khoma la a Mbewe

Pepani achimwene, ndikudziwa kuti ku Joniko mumatuluka mumgodi mutatopa, sindikanayenera kukuvutitsani. Ndangokukoperani zomwe ndalemba sabata ino.

Lolemba
Amayi akugonabe kukhitchini, chifuwa osaleka. Chipinda tikuwamangira chija chithe mvula isanagwe! A Gomani, mmisiri wathu, akuti njerwa zikwana makoma atatu okha. Khoma lachinayi tigwiritse lija malemu bambo anamanga ndi a Mbewe, la nyumba yawo yosungiramo usipa. Akuti ndikapemphe. Ine, kwa a Mbewe, tcheyamani wa chipani! Ndafika pathandala la nsomba, ndabwerera.

Lachiwiri
Ndapita. Ndagwada patali, khadi la chipani lili m'manja ngakhale sanandifunse. A Mbewe akusoka khoka, osandiyang'ana. "Khoma ndi langa, mwanawe. Bambo ako ankangoponda dothi." Ndabwerera kunyumba. A Gomani akuti tiitane woyeza malo wa kuboma.

Lachitatu
Woyeza malo wabwera, a Mbewe ndi akazi awo ali kudooko. Akuti malire akudutsa pakati penipeni pa khoma, ndi la tonse. Wakhoma zikhomo zinayi zamtengo, akuti zisasunthe mpaka abwerenso ndi pepala. Ndazisamalira bwino: kansanza kofiira pa chilichonse kuti ana asapunthwe, phulusa mozungulira kuti chiswe chisadye.

Lachinayi
Kalanga ine! Mayi Mbewe akukuwa: "Bwerani muone! Kamtsikana kofatsa kaja katitchera mankhwala! Nsanza zofiira, phulusa, ngodya zonse!" Anthu adzaza. Ndikufuna kufotokoza, pakamwa pakungotuluka "pepani". Akuti ndiye kuti ndavomera. A Mbewe akulunga dzanja m'chiguduli, azula zikhomo zonse, akaponya m'nyanja.

Lachisanu
Woyeza malo wapeza mabowo okhaokha. "Wazula zikhomo za boma ndani?" A Mbewe thukuta kamukamu. Masiku ano wolimbana ndi za boma amakwera galimoto, osabwerako. Onse maso pa ine. Ndati, "Mbuzi, bwana." Akuti, "Zonse zinayi?" Ndati, "Mbuzizo zinali zambiri, bwana." Wapinda pepala lake, akuti adzabweranso dzinja likatha.

Loweruka
A Mbewe afika ndi asodzi awo. Ndaseseratu pakhonde, ndayala mphasa, poganiza kuti adzathokoza. Sanakhale nkomwe. "Mwana wonamiza boma osaphethira, ine sindigawana naye khoma. Paja akuti theka ndi langa?" Aphwasula theka lam'mwamba, njerwa atuta. Mbali yawo atchinga ndi bango. A Gomani alongedza mpeni wawo womangira, chingwe ndi levulo. Akuti apeza ntchito ku Khombedza, kwa anthu opanda mbuzi.

Lamulungu
Kutchalitchi Mayi Mbewe asamuka benchi nditangokhala. Makoma atatu aima bwinobwino, lachinayi likundifika m'chiuno. Mitambo yayamba kuda, njerwa zatsopano sizingaume. Amayi akuti ndisadandaule, utsi anauzolowera kale, koma akunena izi akukhosomola. Ine ndalephera, achimwene. Kwa a Mbewe sindingapitenso. Chonde yankhani msanga: tidikire chilimwe, kapena tifolere chomwecho, amayi azigona moyang'anana ndi usipa wa a tcheyamani?