Mmene ndinasocheretsera amalume m'munda wa tiyi

Amalume anga anasiya kuyenda nane, ndipo sindiwadandaula.

Ndinagwirapo ntchito zaka zinayi pa sitima yopha nsomba ku Mozambique. Kumeneko ndinaona mmene amayendera pamadzi mtunda osauona: makina a GPS, kampasi, ndipo zonsezi zikafa, nyenyezi ndi komwe mafunde akuchokera. (Kunena zoona, wowongolera anali wina. Ine ndinkatumbula nsomba, koma maso ndinali nawo.) Nditabwerera ku Thyolo, nkhanizi ndinazikamba mpaka anthu kutopa nazo.

Linafika tsiku loti amalume akandifunsirire mbeta ku Khonjeni. Kuchikazi anati tifike m'mawa, chifukwa ankhoswe awo anali ndi ulendo masana. Amalume anati tikwere kabaza. Ine ndinakana, poti foni inkasonyeza kuti kudutsa mu esiteti n'pafupi.

Titangolowa m'tiyi, chiperoni chinatsika. Foni inkaloza molunjika ngati tili panyanja, koma kutsogoloko kunali chigwembe. Tikuchizungulira, batire inatha.

"Tibwerere, mphwanga," anatero amalume.

"Musade nkhawa. Makina akafa, timasankha chinthu chosasuntha n'kumachilondola. Mukuchimva chigayocho? N'cha pa Khonjeni."

Tinachilondola ola lathunthu, kukwera ndi kutsika, suti ya amalume itanyowa mpaka m'chiuno. Titachipeza, sichinali chigayo. Inali thirakitala yozungulira kutolera masamba.

Mayi wina wothyola tiyi, dengu lili kumsana, anatiyandikira.

"Abambo, kachitatu aka mukudutsa pano. Mwataya mbuzi?"

"Tikupita ku Khonjeni kukafunsira mbeta," anayankha amalume, osandiyang'ana n'komwe.

Mayiyo anandiyeza ndi maso. "Kwa Esinati? Ndinu a pasitima aja eti? Ine ndine azakhali ake."

Manyazi ake sindidzawaiwala.

"Mphepoyi izikuwombani tsaya limodzi lomwelo," anatero mayiyo. "Tsikani ndi ngalandeyi mpaka pa njanji." (Ndendende zimene ankachita akuluakulu a pasitima.)

Tinafika dzuwa litapendeka, ankhoswe atanyamuka kalekale. Ndinadikira miyezi iwiri, ndili ndi mantha kuti Esinati andikana, poti nkhani inali itafika kwawo ife tisanafike.

Anandilola ndithu. Koma pa tsiku la ukwati, akuchikazi ananditumizira kabaza kuti adzanditenge, chonsecho tchalitchicho chimaoneka ndili pakhonde panga. Ndinakwera osafunsa.