Nyumba Yopanda Akangaude ya Mdzukulu Wanga

Lolemba

Dzuwa la ku Utale kuno lafika poti nkhuku zikuikira mazira owiritsa kale. Amake Esinati anyamuka m'mawa kupita kuchipatala kukadikirira mwana wathu Esinati. Mimba yoyamba, masiku akwana. Akachira, chikuta adzakhalira kuno kwa mayi ake monga mwa mwambo. Ndiye kuti mdzukulu wanga woyamba adzagona m'nyumba yomanga ine ndi manja angawa.

Koma pali kavuto. Chaka chatha kangaude analuma amake Esinati pamwendo akutola nkhuni kuseri kwa nyumba, anagona masiku akubuula, Esinati akuona. Ndiye pafoni wanena mosapsatira: "Ababa, ngati akangaude aja akadalipo, ine ndi khanda tipita kwa apongozi ku Phalula."

Ku Phalula! Kwa asewele anga aja a nyumba ya malata ndi simenti, oyenda ngati msewu wa tala anaupaka okha.

Amake Esinati potuluka angoti: "Musachite zambiri. Muzingosuzumira pansi pa zinthu. Oopsa ndi ang'onoang'ono, oderapo, a kadontho kofiira pamimba." Ndavomera ndi mutu. Koma munthu amene ndinathamangitsapo fisi ndi mpini wa khasu sindingamasuzumire pansi pa mipando ngati ndataya singano.

Zida zanga:
tsache lomangirira ku nsungwi
patapata wa kumanzere, wa kumanja anadya galu
tsabola wouma, chitini chodzaza
mtima wa mkango

Pofika Lachitatu, kangaude ku Balaka kuno anthu azingomumva m'mbiri.

Lachiwiri

Nkhondo yayamba. Ndikupha zikuluzikulu za pakhoma, zophwatalala zija zothamanga ngati minibasi yolimbirana anthu. China n'chachikulu ngati mbale ya ndiwo, miyendo yake munthu akhoza kumangira mpanda. Ndachiponyera patapata, dothi la khoma lagumuka, icho changosuntha pang'ono n'kumandiyang'ana.

Zakufazo ndazindandalika pakhonde kuti odutsa aone ntchito. A Jafali, mlamu wanga wa kabaza ya njinga yamoto, aima n'kuyang'anitsitsa. "Alamu, izi si zodya udzudzu izi? Mwapha alonda anu." Nsanje basi. Iwo sanaphepo ngakhale nyerere.

Madzulo udzudzu wachuluka, ukuimba ngati kwaya ya pa Isitala. Mwina wabwera kudzandithokoza.

Lachitatu

Lero ndi tsiku la utsi. Mazenera ndatseka ndi masaka, mbaula pakati pa nyumba, tsabola yense pamoto, chitseko gwa.

Zotsatira zake:
ine: kutsokomola mpaka kuona agogo anga amene anamwalira ndili mwana
nkhuku yofungatira kuchipinda: yathawa, mazira yandisiyira
mphaka: wasamukira kwa a Jafali osatsanzika
akangaude: atsika kudenga la udzu, onse, ndi ana awo ndi azakhali awo, agwera pamphasa, pa zofunda, m'dengu

Kale iwo ankakhala kumwamba, ine pansi, tinkalemekezana. Tsopano tonse tili pansi.

Amake Esinati aimba foni. "Zikuyenda kumeneko?" Ndati nyumba ikuwala ngati ofesi. "Nanga mawu asasa chonchi bwanji?" Ndati chimwemwe.

Lachinayi

Wabadwa! Mtsikana. Esinati ali bwino. Amake Esinati pafoni akuti, "Mphuno ndi yanu, mwana wachita tsoka." Ndavina pabwalo ndekha mpaka mbuzi zasiya kudya.

Asewele nawo aimba kuchokera ku Phalula. "Chipinda takonza kale, asewele, tapopera ndi mankhwala a m'sitolo. Musadzivute." Ndawauza kuti kuno kangaude womaliza wabwera yekha kudzapepesa, wamanga katundu, wasamukira ku Nselema.

Ndatulutsa zonse kuti zione dzuwa: mphasa, zofunda, zitenje zatsopano zimene amake anagulira khanda. Ndayanika pamulu wa nkhuni kuseri, poti m'pokwera, mbuzi sizifikapo. Nzeru zimenezi sukulu saphunzitsa.

Madzulo ndikuanula m'pamene ndakumbukira kuti amake Esinati analumidwira pomwepa. Ndakutumula chitenje chimodzi, cha maluwa achikasu, chofundira mwanayo. Agwa akangaude awiri. Ndakhala kaye pansi. Ndichapa zonse mawa.

Lachisanu

Ndachapa pamjigo, mwamuna wamkulu pakati pa azimayi. Wina akuti, "Agogo atsopano, sopo si chinangwa, musamutsirize." Asekeni, mdzukulu ndi wanga.

Pobwerera ndakumbukira kampando kamene ndinasemera Esinati atangoyamba kuyenda. Mwendo umodzi ndi waufupi, koma ankakakonda moti ankagona atakakumbatira. Kali m'shedi pafupi ndi nkhokwe. Ndati azidzakhalira pamenepo poyamwitsa.

Ndapisa dzanja pansi pake osayang'ana. Chala chachikulu chamva ngati singano yochotsa pamoto. Kutembenuza kampandoko: kanthu kochepa ngati njere ya khobwe, kadontho kofiira pamimba, mazira ake a minga ngati tizipatso ta nsatsi. Kameneka kuluma ine? Ndaseka.

Kuseka kwatha msanga. Chala chikuyaka, thukuta ngati ndalima dimba lonse, kukhwapa kukuwawa, m'mimba mukukokana. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Ndapempha a Jafali lezala kuti anditeme mphini poizoni atuluke. "Iyayi alamu, kwerani njinga." Panjira sindikulira. Ndi tsabola uja wa Lachitatu.

Loweruka

Ndagona kuchipatala, chomwechi chimene kuli Esinati. Jakisoni, mapilisi, ululu watsikako. Anamwino akuti, "Mwachita bwino osatema. Koma akanakhala mwana, bwenzi tikunena zina."

Ndikufotokozera anzanga a m'wodi kuti chilombocho chinali ngati kamwana ka mbuzi. A Jafali apisa m'thumba, atulutsa kabotolo m'mene anaika kangaude uja kuti anamwino amuone. Wodi yonse yaseka, mpaka bambo wa mwendo wothyoka.

Amake Esinati abwera kuchokera ku wodi ya azimayi. Ayang'ana chala changa. Kenako andipukuta thukuta pamphumi ndi nsonga ya chitenje chawo. "Ndinati pansi pa zinthu, bambo ake Esinati." Basi, sanaonjezere.

Anditengera pakhomo la wodi ija. Khanda losagwa mchombo mwamuna salinyamula, ndiye ndangoima chapatali pang'ono, manja kumbuyo. Esinati wavundukula nsalu. Mphuno ndi yangadi, ndipo ikumukhala bwino. Kaphazi katuluka m'nsalumo, kakutakataka. Ndayang'ana chala changa chotupachi. N'chachikulu kuposa phazi lake lonse. Apa sindikukokomeza.

"Ababa, kunyumba kuli bwanji?"

Pakamwa panga panali patakonzeka kale kunena za ofesi. Ndayang'ananso kaphazi kaja. Ndati, "Pita ku Phalula, mwana wanga. Kwathu sikunakonzeke."

Esinati wafunditsa kaphaziko. Kenako akuti, "Amayi akuti mwalumidwa potenga kampando kanga kaja. Kakadalipo?" Ndati kalipo, ndipo kakadali kopendekeka. Waseka, misozi ili m'maso. Ine ndayang'ana kudenga ngati ndikufufuza akangaude a kuchipatala.

Lamulungu

Anditulutsa. Esinati ndi khanda nawonso atuluka. Asewele abwera ndi galimoto yobwereka, atenga Esinati, khanda ndi amake Esinati omwe, kuti akathandize chikuta. Ndinakonzekera kuti andinyoza, mayankho ndinali nawo odzaza thumba. Iwo angondigwira dzanja lamanzere n'kunena, "Mchombo ukagwa mubwere, asewele. Mwamuna woyamba kumunyamula mukhale inu." Mayankho anga onse ndabwerera nawo.

Kunyumba kuli zii. Khoma n'logumuka, zonse zikununkha tsabola, mphaka akukana kubwerera. Pakona ya denga wina wayamba kale kuluka ukonde watsopano, sakufulumira n'komwe. Chabwino, apambana. Nkhuni ndisamutsira kutali chala chikaphwa, ndi ndodo, osati ndi manja.

Pakadali pano ndathyola papaya, ndamukulunga m'nsalu, ndikuyeseza kanyamulidwe ndi dzanja limodzi kuti ndisakachite manyazi ku Phalula. Wagwa kawiri kokha.